Mafunso ndi Mayankho: Kufulula Mowa wa Uchi ndi Maapozi wa Zonunkhiritsa Pakhomo

Munthu akangomva za mowa umenewu, funso lake loyamba limakhala la zonunkhiritsa: sinamoni ndiike wochuluka bwanji, nanga jinja? Funso limenelo ndaliika kumbuyoko dala. Mowa wa uchi umakoma kapena kuwonongeka m'masiku 7 oyambirira, zonunkhiritsa zisanalowemo n'komwe, ndipo amene amagamula mlanduwo ndi kachamoyo kosaoneka ndi maso kotchedwa yisiti. Mayankho ali m'munsimu ndi a munthu amene akufulula malita 5, mlingo woti ngakhale utakanika simulira kwambiri.

Kodi mowa umenewu ndi wotani kwenikweni?

Mowa wa uchi, umene ambiri amaudziwa ndi dzina loti mead, ndi uchi wosungunula m'madzi n'kuupatsa yisiti. Yisitiyo imadya shuga wa mu uchi n'kutulutsa zinthu ziwiri: mowa ndi mpweya wa carbon dioxide. Mukasungunulira uchiwo m'madzi a maapozi m'malo mwa madzi wamba, ofulula amautcha cyser. Mukathiramo zonunkhiritsa amautcha metheglin, mawu ochokera ku chinenero cha ku Wales. Wathuwu ndi zonse ziwiri pamodzi.

Ndi chakumwa chakalekale. Mapale a mbiya amene anafukulidwa ku Jiahu, m'dziko la China, a zaka pafupifupi 9,000 zapitazo, anapezeka ndi zotsalira za chakumwa chowiritsa cha uchi, mpunga ndi zipatso. Ku Ethiopia mpaka lero amafulula tej, wa uchi ndi chitsamba chotchedwa gesho. Ku Poland mayina a mowa wa uchi amatengera kuchuluka kwa madzi: dwójniak ndi gawo limodzi la uchi ndi limodzi la madzi, trójniak ndi limodzi la uchi ndi awiri a madzi.

Pa malita 5 ndisonkhanitse chiyani?

Uchi wolemera kilogalamu 1, madzi a maapozi malita 4.3, paketi imodzi ya yisiti ya vinyo ya magalamu 5, ndi chakudya cha yisiti. Uchi ndi wolemera kuposa madzi, choncho kilogalamu imodziyo imangotenga malo a mamililita 700, n'chifukwa chake zonse pamodzi zimakwana malita 5. Mlingo umenewu umapereka mowa wa ukali pafupifupi 13 peresenti, wofanana ndi vinyo wa mphesa. Amene akufuna wopepukirapo achepetse uchi kufika pa magalamu 600.

Ziwiya zake: ndowa ya pulasitiki yosungiramo zakudya yokhala ndi chivindikiro, chibotolo chagalasi cha khosi laling'ono, airlock (kachitsekero kokhala ndi madzi kamene kamatulutsa mpweya osalola wakunja kulowa), payipi yopyapyala yowonekera mkati, supuni yaitali, hydrometer (kagalasi koyandama koyezera kuchuluka kwa shuga), ndi mabotolo. Chilichonse cha aluminiyamu, mkuwa, chitsulo chochita dzimbiri kapena malata chikhale kutali. Madzi a maapozi ali ndi asidi amene amadya zitsulo zimenezi, ndipo mowa umamveka chitsulochitsulo m'kamwa. Chigubu chimene chinasungapo mafuta, sopo kapena mankhwala musachiyerekeze, ngakhale mutachitsuka kakhumi.

Uchi uliwonse ungachite? Ndiyambe ndauwiritsa?

Uchi uliwonse weniweni umawira. Kusiyana kwake kuli pa fungo. Uchi woyererako, wochokera ku maluwa a malalanje kapena maluwa osiyanasiyana a m'tchire, umapatsa mpata maapozi kuti amveke. Wakuda bii uli ndi mphamvu, nthawi zina umawawirako, ndipo umafuna miyezi yambiri kuti ufatse. Ulaweni kaye pa supuni. Uchi wonunkha utsi, chifukwa wofula anawonjeza moto, udzanunkhabe utsi m'botolo. Wina amatha kukonda zimenezo, koma adziwiretu.

Kuwiritsa sindikulimbikitsa. Fungo lokoma la uchi ndi lopepuka, limathawa ndi nthunzi. Khitchini yonse imanunkhira bwino tsiku limenelo, koma fungo limene mukulimva m'mphunolo ndi lomwe mudzalisowe m'kapu. Ngati uchi wauma n'kuchita mibulu, sunawonongeke ayi. Ikani botolo lake m'madzi ofunda mpaka usungunuke. Tizidutswa ta phula ndi timapiko ta njuchi timayandama tokha, mumangotiwaula.

Juwisi wa m'mapaketi angagwire ntchito?

Angagwire, bola muwerenge zolemba za papaketi musanagule. Mukaona potassium sorbate kapena sodium benzoate, mubwezeni pashelefu. Mankhwala awiriwa anaikidwamo ndi cholinga choti juwisi asawire, ndiye yisiti yanu idzangofooka, inu n'kumadikira thovu losabwera. Ascorbic acid alibe vuto, ndi vitamini C chabe. Juwisi amene anangotenthetsedwa kuti tizilombo tife nayenso ndi wabwino. Chofunika n'chakuti akhale wa maapozi okhaokha, wopanda madzi ndi zotsekemeretsa zina. Wa mbuu, wosasefa kwambiri, amakhala ndi kukoma kochuluka kuposa woyera mbee.

Nanga ndikafinya maapozi ndekha?

Apo ndiye mowa umakoma koposa, koma ntchito ilipo. Kilogalamu ya maapozi imatulutsa madzi ongopitirira pang'ono theka la lita, choncho mufunika makilogalamu 7 kapena 8. Sakanizani mitundu. Maapozi otsekemera okhaokha monga Gala ndi Fuji, shuga wawo akatha, amasiya mowa wozizira m'kamwa, wopanda msana. Owawasa monga Granny Smith amaudzutsa. Magawo awiri otsekemera ndi gawo limodzi lowawasa ndi poyambira pabwino. Ofulula cider, mowa wa maapozi, ku England amalima mitundu yapadera monga Dabinett ndi Kingston Black, imene ili ndi tannin wambiri, kaukakala kamene kamagwira lilime. Ngati maapozi anu alibe zimenezo, theka la kapu ya tiyi wakuda wowirira, wopanda shuga ndi mkaka, limatseka mpatawo.

Apozi lovunda litayeni lonse, osangodula povundapo. Madzi ofinya nokha ali ndi yisiti ya m'tchire ndi mabakiteriya. Phwanyani piritsi limodzi la Campden (mankhwala a sulfite amene amafooketsa tizilombo timeneti), muthire m'malita 5, mudikire maola 24, kenako muike yisiti yanu. Mukaithira pomwepo, mankhwalawo amaipweteka nayonso.

Yisiti ya buledi siingachite?

Ingachite, ndipo mowa udzatuluka. Ndi mtundu womwewo wa chamoyo ndi yisiti ya vinyo, Saccharomyces cerevisiae, koma inasankhidwa kuti izitupitsa ufa mofulumira. Mu mowa imatopa msanga, siikhazikika bwino pansi, ndipo imasiya kafungo ka buledi kamene kamatenga nthawi kuti kachoke.

Mwa yisiti za vinyo, ine ndimakonda Lalvin 71B pa maapozi. Imapirira mpaka ukali wa 14 peresenti, ndiponso imadyako gawo lina la malic acid, asidi amene amawawasitsa apozi, moti mowa umafewa msanga. EC-1118 ndi yankhanza: imafika mpaka 18 peresenti, siisankha nyengo, koma imaseseratu shuga yense n'kusiya mowa wouma gwa. D47 imatulutsa fungo labwino pamalo ozizira okha. Kukatentha kupitirira madigiri 21 Celsius imakwiya.

Chakudya cha yisiti n'chachiyani, si shuga ali kale mbwee?

Apa ndi pamene oyamba ambiri amapunthwa. Uchi ndi shuga pafupifupi 80 peresenti ndi madzi 17 kapena 18 peresenti, zinazo n'zochepa zedi. Yisiti ndi chamoyo, iyenera kuswana, ndipo kuti imange matupi atsopano imafuna nayitirojeni, amene mu uchi muli wochepa kwambiri. Kuipatsa uchi wokha kuli ngati kulemba munthu ganyu yolima n'kumamudyetsa maswiti. Alima ndithu, koma monyinyirika. Yisiti yanjala imawira pang'onopang'ono kwa miyezi, imanunkha, ndipo imatulutsa mitundu ina ya mowa yowotcha pakhosi, yomwe imabweretsa matsire oopsa. Mbiri yoti mowa wa uchi sumweka chaka chisanathe inachokera kwenikweni ku yisiti yosadyetsedwa.

Madzi a maapozi amathandizako chifukwa ali ndi nayitirojeni pang'ono, koma sakwanira pa shuga wochuluka chonchi. Ogulitsa zofululira amakhala ndi diammonium phosphate, imene ambiri amangoti DAP, komanso zosakaniza monga Fermaid O ndi Fermaid K. Pa malita 5, magalamu 3 mpaka 5 a chosakaniza chotere ndi okwanira. Musathire zonse tsiku limodzi. Gawani patatu: patatha maola 24, patatha maola 48, kenako patatha maola 72. Gawo limodzi mwa magawo atatu a shuga likadyedwa, lekani kudyetsa, chifukwa yisiti siigwiritsanso ntchito bwino chakudyacho ndipo chotsala chimakadyetsa mabakiteriya.

Ngati zimenezi palibe, wiritsani supuni yaing'ono ya yisiti ya buledi m'madzi pang'ono kwa mphindi 10, izizire, muthire. Yisiti yakufayo imasanduka chakudya cha yamoyo. Mphesa zouma zochepa, zimene malangizo akale amazitama, zimangowonjezera kakukoma. Nayitirojeni wake ndi wosatchula.

Chenjezo limodzi. Mowa umene ukuwira wadzaza mpweya. Ine ulendo wina ndinangotsegula chibotolo n'kukhuthuliramo ufawo. Kunamveka kuti fwaa, thovu linakwera khosi n'kutumphuka ngati kasupe, kutsikira patebulo mpaka pansi, ndipo nyerere zinachita phwando sabata yathunthu. Takasani kaye pang'onopang'ono kuti mpweya utuluke, musungunule ufawo m'kapu ya mowa womwewo, kenako muthire pang'onopang'ono.

Ziwiya ndizitsuke mpaka pati?

Pali ntchito ziwiri: kuchotsa litsiro ndi kupha tizilombo. Yoyamba ndi ya sopo wosanunkhira ndi madzi otentha. Yachiwiri ndi ya mankhwala monga Star San, amene safuna kutsukuluza, kapena madzi osungunuliramo mapiritsi a Campden. Bulichi amapha tizilombo bwino, koma kadontho kotsalira kamapatsa mowa fungo la kuchipatala limene silichoka, choncho mukagwiritsa ntchito tsukuluzani mobwerezabwereza ndi madzi owiritsa. Chilichonse chokhudza mowa chidutse mmenemo: supuni, payipi, chivindikiro, ndi manja omwe. Madzi obwadamuka musathire m'chibotolo chagalasi, chimang'aluka.

Tsiku loyambalo ndichite motani?

Thirani theka la madzi a maapozi m'ndowa, muonjezere uchi, mutakase mpaka pansi pasatsale kanthu kokakamira. Thirani otsalawo. Tsopano takasani mwamphamvu kwa mphindi 5 kuti mulowe mpweya wambiri. Ino ndi nthawi yokhayo imene okosijeni ali bwenzi lanu, popeza yisiti imamufuna poswana; masiku atatu oyamba akadutsa, asanduka mdani. Yezani ndi hydrometer, mulembe nambalayo ndi deti papepala n'kumata pandowa. Mutu umaiwala.

Yisiti idzutseni m'madzi ofunda a madigiri 35 mpaka 40, okwana kotala la kapu, kwa mphindi 15. Kenako muzithiramo timasupuni ta madzi a uchi aja mpaka kutentha kufanane, ndiye mukhuthulire m'ndowa. Vindikirani, muike airlock. Pakati pa maola 12 ndi 48 mudzaona thovu pamwamba, ndipo mukatchera khutu pandowa mudzamva kaphokoso konga ka mvula yowaza padenga.

Airlock ndilibe, nditani?

Ntchito yake ndi kutulutsa mpweya osalola wakunja ndi tintchentche kulowa. Boolani chivindikiro, mulowetse payipi yothina bwino, mbali inayo muimize m'kabotolo ka madzi. Basi. Baluni yoboola ndi singano nayonso imathandiza pa khosi la chibotolo. Chimene simuyenera kuchita ndi kutsekeratu. Pafupifupi theka la kulemera kwa shuga limasanduka mpweya, ndipo mpweya wochuluka chotero ukasowa potulukira umadzipangira pake.

Ndiuike pamalo otentha kuti upse msanga?

Ayi. Madigiri 15 mpaka 20 ndiye abwino, pamdima, pamalo posasinthasintha. Yisiti ikatenthedwa imathamanga, mowa n'kutha masiku ochepa, koma umanunkha ngati mankhwala ochotsera penti ya m'zikhadabo. Kumbukiraninso kuti kuwirako kumatulutsa kutentha kwakekwake, moti mkati mwa ndowa mumafunda kuposa m'chipinda. Nyengo yotentha, imikani ndowa m'beseni la madzi n'kuifunditsa nsalu yonyowa imene m'mphepete mwake mwamira m'madzimo. Madzi akamauma pansalu amaziziritsa ndowa.

Airlock yasiya kubwibwita. Ndiye kuti wapsa?

Mwina, mwinanso ayi. Thovu la mu airlock ndi mboni yosadalirika. Chivindikiro chikakhala ndi kampata, mpweya umatulukira pamenepo, airlock n'kukhala zii pamene mkati ntchito ili yakalavulagaga. Komanso mowa woti unatha kalekale umatha kumabwibwitabe chifukwa kunja kwafunda ndipo mpweya wakale ukuchoka.

Mboni yeniyeni ndi hydrometer, kagalasi koyandama kamene kamayeza kulemera kwa madzi. M'madzi wamba imaonetsa 1.000. Shuga amalemeretsa madzi, choncho juwisi wa maapozi amakhala cha m'ma 1.050, ndipo mukasungunuliramo uchi uja mumafika cha m'ma 1.100. Yisiti ikamadya shuga nambala imatsika tsiku ndi tsiku, mpaka 1.000 kapena kutsikirapo pang'ono, monga 0.996, chifukwa mowa ndi wopepuka kuposa madzi. Nambala ikakhala yomweyomweyo poyeza kawiri motalikirana sabata imodzi, kuwira kwatha. Nthawi zambiri zimatenga masabata awiri mpaka anayi.

Ukali wake mumaupeza chonchi: nambala yoyamba muchotserepo yomaliza, yankho muchulukitse ndi 131. Kuchoka pa 1.100 kufika pa 1.000 ndi 0.100, kuchulukitsa ndi 131 ndi 13.1 peresenti. Powerenga, izunguzeni hydrometer pang'ono kuti timathovu tomatirira tichoke, chifukwa timaiyandamitsa n'kukunamizani.

Tsopano zonunkhiritsa: ziti, zochuluka bwanji, liti?

Zochepa kuposa mmene mtima ukufunira, ndipo mochedwa.

Pa malita 5 ine ndimaika kamtengo kamodzi ka sinamoni kotalika ngati chala, clove (kaduwa kouma konga kamsomali) mmodzi kapena awiri, tizidutswa titatu ta jinja wamuwisi topyapyala ngati ndalama yachitsulo, ndi njere zitatu za allspice zophwanya pang'ono. Nutmeg ndi kachidutswa kakang'ono zedi. Khungu la lalanje limagwirizana nazo, koma musende lapamwamba lokha, choyera chamkaticho chimawawa. Vanila wa theka la kachikhoko amafewetsa zonse.

Clove ndiye woyenera kumuopa. Ali ndi mafuta otchedwa eugenol, omwe ochiritsa mano amagwiritsa ntchito, ndipo mowa umawayamwa mwamphamvu kuposa madzi. Ulendo wanga woyamba ndinayang'ana tinthu tiwiri m'dzanja, ndinati tachepa, n'kuika 8. Patatha masabata awiri apozi sanamvekenso, uchi sunamvekenso, lilime linkangochita dzanzi. Ndinausunga chaka chathunthu ndikuyembekeza kuti ufatsa. Sinamoni anafatsa, jinja anafatsa, clove anangokhala pomwepo ngati mlendo wosadziwa kutsanzika. Ndinaupulumutsa pousakaniza ndi mowa wina wopanda zonunkhiritsa.

Gwiritsani ntchito zathunthu, osati zaufa. Ufa suchotseka, umadetsa mowa, ndipo umapitiriza kutulutsa mphamvu mpaka m'botolo. Mangani zonunkhiritsa m'kansalu koyera kowiritsa, mumangirire ulusi wotulukira kunja kuti muzitha kukoka. Clove ndi bwino akhale m'kansalu kakekake, kuti atuluke yekha nthawi yake ikakwana.

Chifukwa choikira mochedwa n'chakuti kuwira kwamphamvu kumauluza fungo limodzi ndi mpweya, ndiponso shuga akadalimo simungadziwe kukoma kwenikweni. Ikani kuwira kutatha, mowa mutausamutsira m'chibotolo. Lawani tsiku lachitatu, kenako masiku awiri aliwonse. Tengani pang'ono ndi payipi yoyera, muike m'kapu, mununkhize musanamwe. Choyamba kumveka chikhale apozi, uchi utsatire, zonunkhiritsa zibwere kumapeto ngati kafundidwe kapakhosi. Mukangoyamba kuganiza kuti tsiku limodzi lokha lowonjezera lingathandize, kokani ulusi. Kawirikawiri ndi pakati pa masiku 5 ndi 14.

Njira ina, yabwino kwa munthu wosamala, ndi kuviika chonunkhiritsa chilichonse pachokha m'kabotolo ka vodka kwa masabata awiri, kenako kumadontheza mu mowa mpaka pamene mwakhutira.

Zimene zadikha pansizi n'chiyani?

Ndi nsenga: yisiti yotopa ndi yakufa, pamodzi ndi tizinyenyeswa ta maapozi. Si zoopsa, koma mowa ukakhala pa nsenga zokhuthala kwa miyezi umatenga fungo loipa. Kuwira kukatha, ikani ndowa patebulo, chibotolo pansi, mukoke ndi payipi osagwedeza. Nsonga ya payipi ifike pansi pa chibotolo kuti mowa usagwe mothovoka. Kuyamwa payipi ndi pakamwa kumalowetsa mabakiteriya. Idzazeni ndi madzi oyera, mutseke ndi chala, ndipo madziwo potsika adzakoka mowa okha. Chibotolo chidzaze mpaka m'khosi. Mpata waukulu pamwamba ndi nyumba ya okosijeni, amene amadetsa mtundu n'kuzimitsa fungo la apozi.

Ukununkha mazira owola. Nditaye?

Musataye. Fungo limenelo ndi la hydrogen sulfide, kulira kwa yisiti yanjala kapena yotenthedwa. Ngati kuwira kukadali koyambirira, takasani ndi kudyetsa. Ngati kwatha, samutsani mowa kuuchotsa pa nsenga. Nthawi zambiri fungolo limachoka lokha m'masabata ochepa.

Fungo la viniga ndi nkhani ina. Mabakiteriya a Acetobacter, amene amabwera ndi tintchentche ta zipatso, amasandutsa mowa kukhala viniga akapeza mpweya, ndipo zimenezi sizibwerera. Mwapeza viniga wabwino wa uchi ndi maapozi, koma mowa wapita. Chuku chaubweya, chobiriwira, chakuda kapena chofiirira choyandama pamwamba, chimenecho tayani zonse osalawa. Thovu la bulawuni lomata m'mbali mwa ndowa ndi la yisiti, lisakuopseni.

Wasiya kuwira shuga akadali wambiri. Chavuta n'chiyani?

Onani kaye kuzizira. Kusunthira ndowa pamalo ofundirako ndi kuigwedeza pang'ono kuti yisiti idzuke kumathetsa milandu yambiri. Werenganinso paketi ya juwisi, mwina sorbate anakudutsani. Mwinanso munachulutsa uchi ndipo yisiti yafika pamalire a ukali umene ingapirire. Zikakanika, dzutsani paketi ya EC-1118 m'madzi ofunda, muziionjezera mowa wokanikawo pang'onopang'ono kwa tsiku lathunthu kuti izolowere, kenako muthire.

Ndinaika uchi wambirimbiri, bwanji sukutsekemera?

Chifukwa yisiti inadya wonse. Ambiri amadabwa akalawa koyamba: amayembekezera uchi, akupeza chinthu chowawasa chonga vinyo woyera. Palibe chalakwika. Ndipo ine ndimaona kuti mowa wa zonunkhiritsa umafunadi kutsekemera pang'ono, apo ayi sinamoni amamveka ngati khungwa wamba.

Koma musangothira uchi n'kutsekera m'mabotolo. Yisiti sinafe, yangogona. Ikamva shuga idzadzuka, mpweya udzadzaza, ndipo botolo lagalasi likaphulika zidutswa zake zimatha kuchotsa munthu diso. Dikirani mowa uyere, muusamutse kuuchotsa pa nsenga, muthire piritsi limodzi la Campden ndi potassium sorbate pafupifupi galamu 1. Ndi sorbate yemwe uja tinamukana m'juwisi. Pano ndiye nthawi yake. Iye sapha yisiti, amangoiletsa kuswana, n'chifukwa chake amagwira ntchito pa mowa woyera wokha, mmene yisiti yatsala yochepa. Awiriwa aziyendera limodzi, popeza sorbate wopanda Campden mabakiteriya ena amamusandutsa fungo la masamba a duwa la geranium. Amene thupi lawo limadana ndi sulfite, makamaka ena odwala mphumu, adziwitsidwe asanamwe.

Patatha maola 48, sungunulani uchi m'kapu ya mowa womwewo n'kuthira. Yambani ndi magalamu 100, mulawe. Magalamu 250 m'malita 5 amakweza hydrometer kufika cha m'ma 1.015, kumene ambiri amati n'kotsekemera bwino. Siyani pa airlock masabata ena awiri, muyezenso. Nambala ikapanda kutsika, thirani m'mabotolo.

Ndingaupange wa thovu ngati shampeni?

Mungathe, koma pakhomo musankhe chimodzi: wotsekemera wopanda thovu, kapena wa thovu wosatsekemera. Wa thovu sufuna sorbate. Mowa ukatheratu shuga, sungunulani magalamu 6 a shuga pa lita iliyonse, muthire m'mabotolo okhuthala opangidwira zakumwa za mpweya, mudikire masabata awiri kapena atatu. Botolo limodzi likhale lapulasitiki: likalimba gwa mukalifinya, ndiye kuti enawo akonzeka. Mabotolo a vinyo wamba sapirira.

Bwanji sukuyera?

Nthawi imayeretsa mowa wambiri wokha, mwezi umodzi kapena itatu. Kuuika mufiriji masiku 7 kumagwetsa yisiti msanga. Mbuu wosamva zimenezi ndi wa pectin wa m'maapozi, chinthu chomata chimene chimalimbitsa jamu, makamaka ngati juwisi anaphikidwa. Mankhwala ake ndi pectic enzyme, amene amagwira bwino mukamuika tsiku loyamba, mowa usanapangike. Bentonite, dongo losalala logulitsidwa ngati ufa, amakokera pansi zotsala. Mbuu suwononga kukoma. Ndi maso okha amene amadandaula.

Mowa wofulula pakhomo sungachititse khungu?

Mantha amenewa ndi a methanol, mtundu wina wa mowa umene uli poizoni. Zipatso zikamawira zimatulutsadi methanol pang'ono kuchokera ku pectin, monga zilili ndi vinyo ndi cider wa m'sitolo, koma mlingo wake ndi wochepa kwambiri moti sungavulaze. Ngozi zimene timamva zimachokera ku mowa wotcheza mosasamala, ndipo makamaka ku mowa umene anthu osakhulupirika athiramo spiriti wa m'mafakitale. Choopsa chenicheni cha mowa wa uchi ndi kukoma kwake. Umatsika ngati juwisi pamene ukali wake ndi woposa kawiri wa mowa wamba wa m'mabotolo, ndipo munthu amazindikira poimirira. Kapu yaing'ono ya vinyo ndiye muyezo wake. Si wa ana, si wa amayi oyembekezera, si wa munthu amene ayendetse galimoto.

Nanga lamulo likuti chiyani?

Dziko lililonse lili ndi lake. Ku Britain kufulula mowa pakhomo popanda laisensi kunaloledwa mu 1963, ndipo ku United States lamulo lotere linasainidwa ndi Jimmy Carter mu 1978. Mayiko ena amaletseratu mowa. M'mayiko ambiri amene amalola, chilolezocho ndi cha mowa womwa nokha ndi alendo anu. Kugulitsa ndi kutcheza zimafuna laisensi. Fufuzani za kumene muli musanagule uchi.

Ndidikire mpaka liti kuti ndimwe?

Mukadyetsa yisiti bwino ndi kuisunga pozizira, mowa umamweka pakatha miyezi itatu. Pa miyezi 6 ukali wowotcha uja umakhala utagona, ndipo fungo la uchi, limene linkaoneka ngati linatha, limabwereranso. Pa chaka apozi ndi zonunkhiritsa zimakhala zitalowererana moti simungazilekanitse. Malita 5, mukachotsa nsenga ndi zolawalawa, amadzaza mabotolo 6 a mamililita 750. Asungeni pamdima ndi pozizira. A chitsekero cha cork aimirire masiku atatu oyamba, kenako agone chammbali kuti chitsekerocho chisaume. Pa botolo lililonse lembani deti, mtundu wa uchi, ndi nambala ya ma clove amene munaika. Awiri mwa mabotolowo akulungeni m'pepala, muwaike kuseri kwenikweni kwa kabati, kumene dzanja silifika popanda kukwera pampando.